A landilodi, khomalo limalizeni

Kuno kwa Lukwa, m'boma la Kasungu, munthu sunganyoze fodya anthu n'kukumvera. Midadada yambiri imene amalonda ndi ana a sukulu akupangamo lendi inamangidwa ndi fodya yemweyu: mlimi wagulitsa mabelo ku Chinkhoma, wagula malata, waotcha njerwa, basi zipinda zisanu zaima. Palibe cholakwika pamenepo.

Koma talowani mkatimo muone. Khoma lolekanitsa zipinda limathera m'malere, losafika kudenga, siling'i palibe. Bambo wa chipinda chapakati akayatsa chingambwe usiku, mdadada wonse wasuta nawo: khanda, mayi woyembekezera, ngakhale mwana wa Fomu 4 amene akuwerengera mayeso. Ine ndinagonapo m'nyumba yotere chaka chathunthu. Malaya ankanunkha mpaka anzanga ankandipempha ndudu, chonsecho sindinasutepo chibadwire.

Nkhaniyi si ya fungo chabe ayi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti anthu oposa 1 miliyoni amamwalira chaka chilichonse chifukwa chopuma utsi wa fodya wosuta ena. Kwa ana, utsiwu umautsa mphumu ndi chibayo.

M'chaka cha 2023 dziko la Malawi linalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya. Panganolo likunena zoteteza anthu m'malo a ntchito, m'mabasi ndi m'nyumba zosonkhanamo anthu ambiri. Kuchipinda chogona cha mumdadada silifikako. Amene amafikako ndi a landilodi, makamaka pa 1 mwezi ukatha.

Ukawadandaulira, yankho lake ndi lakuti mukambirane nokhanokha, iwo si apolisi. Zoona? Nanga si omwewa amatiikira malamulo a nthawi yotseka geti, tsiku losesa kuchimbudzi, ndi kuti wailesi isamasokose? Akutha kuletsa phokoso, utsi wokha ndiye wawakulira?

Sitikuti athamangitse osuta, poti naonso ndi anthu ndipo lendi amalipira. Tikuti munthu akamalowa nyumba auzidwiretu kuti fodya ndi wosutira panja, pansi pa mtengo, osati pakhonde pafupi ndi zenera la mnzake. Ndipo mizere ingapo ya njerwa yotsala kuti khoma ligunde denga, imeneyo ndi ntchito ya mwini nyumba, osati ya wolipira lendi.

Inu amene mukusaka chipinda mwezi uno, musanapereke ndalama yang'anani kumwamba kaye.