Yunifomu ya polisi si pepala la khoti

Banja likalephela kubweza nkhongole imene linaikila nyumba monga cikole, mantha amafika khoti ikalibe kukamba ciliconse. Mafoni aculuka, makalata abwela, ndiye tsiku lina galimoto ya polisi yaima pa geti. Afunsa kuti mwini nyumba ali kuti, ayang'ana uku ndi uku, apita osanena cimene abwelela. Pakapita masiku awili abwelanso. Maneba ayamba kunong'onezana, amai nawonso ayamba kumanga mbale ndi zovala m'masaka.

Ine ndikuti katunduyo musamange msanga. Kulephela kubweza nkhongole si mlandu wa polisi, ndipo wapolisi payekha alibe mphamvu yocotsa banja m'nyumba cifukwa ca ndalama za banki kapena za kaloba.

Muno m'Zambia, wokongoza ndalama akafuna kutulutsa anthu m'nyumba ya cikole, njila yake ni khoti, ndipo milandu yambili yotele imapita ku High Court. Mwini nyumba amalandila masamoni ndi mpata woyankha. Kawilikawili woweluza amapeleka masiku akuti nkhongole ilipilidwe. Masikuwo akatha ndalama zisanaoneke, m'pamene pamatuluka pepala lochedwa writ of possession, ndipo obwela nalo ni ma bailiff a ku ofesi ya Sheriff. Apolisi angawapelekeze kuti pasabuke ndeo, koma mphamvu ili m'pepala la khotilo.

Nanga apolisi obwela okha opanda pepala afuna ciani? Mwina ali ndi nkhani ina, monga call-out kapena munthu amene akufunafuna. Koma tidziŵanso kuti ena okongoza ndalama, makamaka a kaloba, amakonda kusandutsa nkhongole kukhala nkhani ya cinyengo kuti wokongola aope. Munthu wamantha amasaina ciliconse. Ena amasainitsidwa pepala lakuti agulitsa nyumba, pamene anangokongola ndalama zocepa. Banja likathawa lokha usiku, wokongozayo watenga nyumba osaponda ku khoti.

Apa m'pamene ife acinyamata tifunika. Masana makolo ali ku nchito kapena ku maliketi, amene amatsegula geti ndife. Apatseni moni mwaulemu, ndiye funsani maina awo, siteshoni imene acokela ndi cimene abwelela. Lembani tsiku, nthawi ndi nambala ya galimoto. Akafuna kusecha m'nyumba, pemphani kuona warrant. Article 17 ya Constitution imateteza nyumba ya munthu kuti isaloŵedwe cisawawa, ngakhale kuti lamulo limalola apolisi kuloŵa nthawi zina, monga pofuna kugwila munthu woganizilidwa mlandu amene ali mkati. Musasaine kanthu pa geti, ndipo mapepala a nyumba asacoke m'manja mwanu.

Akapita, musangokhala n'kudikila kuti abwelenso. Pitani ku siteshoni pamodzi ndi munthu wamkulu wa pabanja, mukafunse Officer-in-Charge ngati nkhaniyo inalembedwa mu Occurrence Book. Ngati palibe colembedwa koma maulendowo sakutha, kadandauleni ku Police Public Complaints Commission, bungwe limene nchito yake ni kumva madandaulo a anthu pa zocita za apolisi.

Wina adzati, "Iwe, polisi safunsidwa mafunso, udzagona m'selo." Manthawo ni omveka, ndipo sindikuuza munthu kukankha wapolisi kapena kumutukwana. Kutsekeleza wapolisi pa nchito yake ni mlandu, ndipo kungaonjezele vuto pa banja limene lavutika kale. Koma kufunsa dzina ndi pepala si mwano. Wapolisi amene wabwela pa nchito yeniyeni savutika kuyankha.

Tisadzinamizenso kuti apolisi akaleka kubwela ndiye kuti nkhongole yatha. Coopsa kwambili ni masamoni amene afika n'kubisidwa pansi pa matilesi cifukwa ca manyazi. Mukapanda kuyankha, khoti ingaweluze inu kulibe. Ngati ndalama za loya palibe, pitani ku Legal Aid Board ndi pangano la nkhongole, malisiti onse ndi makalata. Loya angakuthandizeni kupempha nthawi yolipila, kutsutsa ciwongoladzanja copitilila, kapena kupempha khoti kuti iyambe yaimitsa ma bailiff. 

Nyumba zina zidzapitabe, cifukwa nkhongole ni nkhongole. Koma ngati nyumba ya makolo anu iyenela kupita, ipite woweluza atamva mbali zonse ziŵili. Kambilanani nawo makolo lelo, musonkhanitse mapepala onse pamalo amodzi, ndipo aliyense pa nyumba, ngakhale wamng'ono amene amathamangila ku geti, adziŵe zofunsa galimoto ija ikaimanso.