Tikambirane: Diso Losaphethira

Lero tikambirane za diso lachilendo limene lafika m'mizinda ikuluikulu. Diso limeneli siligona, siliphethira, ndiponso siliiwala. Ndi kamera yolumikizidwa ku kompyuta. Apolisi amaitchera pamsewu, ndipo aliyense wodutsa imamujambula, nkuyeza maso, mphuno ndi chibwano chake, kenaka nkufanizira nkhopeyo ndi zithunzi za anthu amene akufunidwa. Ikaona ngati yamupeza, imatsina khutu wapolisi nthawi yomweyo.

Apolisi a ku London anakhazikitsa njirayi m'chaka cha 2020, ndipo akuti agwira nayo anthu ambiri othawa milandu. Ubwino umenewu sitingautsutse. Ife a kuno ku Katuli, amene tili m'malire ndi Mozambique, timadziwa kuwawa kwake mbala ikakubera nkuzimiririra tsidya linalo.

Koma makina nawonso amalakwa. M'chaka chomwecho cha 2020, apolisi a mumzinda wa Detroit ku America anamanga bambo wina wachikuda, Robert Williams, mkazi ndi ana ake akuona. Kompyuta inali itafanizira nkhope yake ndi ya munthu amene anaba mawotchi m'sitolo. Anakhala m'chitokosi maola pafupifupi 30 asanalakwe kanthu. Kafukufuku amene Joy Buolamwini anatulutsa m'chaka cha 2018 anaonetsa kuti pongosiyanitsa mwamuna ndi mkazi, makina oterewa sankaphonya kwenikweni pa amuna achizungu, koma pa amayi akuda ena ankaphonya mpaka pafupifupi 35 mwa 100 alionse. Tsono tadzifunsani, khungu lathuli ndi lotani?

Wina anganene kuti izi nzakutali. Ayi ndithu. M'chaka cha 2017 boma, kudzera ku NRB, linalemba Amalawi opitirira 9 miliyoni, ndipo tonse tinajambulitsa nkhope ndi kudinda zala kuti tilandire chitupa cha unzika. M'chaka cha 2018 tinalamulidwa kulembetsa manambala athu a foni. M'chaka chomwecho dziko la Zimbabwe, kumene ana athu amadutsa popita ku Joni, linagwirizana ndi kampani ya ku China yotchedwa CloudWalk pa za makina ozindikira nkhope. Ku Johannesburg nako kuli makamera zikwizikwi a kampani ya Vumacam amene amawerenga manambala a galimoto m'misewu. Choncho nkhope zathu zili kale m'kaundula, ndipo mnyamata wochoka kuno kukasaka ganyu akuyenda pansi pa maso amene iye sakuwaona.

Funso lalikulu nali: kodi kaundula ameneyu akumusunga ndani, ndipo ndani ali ndi chilolezo chomutsegula? Akuluakulufe tikukumbukira nthawi ya chipani chimodzi, pamene achinyamata a chipani ankaima pakhomo la msika ndi pokwerera basi kufunsa khadi. Wopanda khadi sankagula ngakhale mchere. Zimenezo tinazikana pa referendamu ya pa 14 June 1993. Komatu khadi lija munthu ankatha kulibisa kapena kulibwereka. Nanga nkhope tingaisiye kunyumba? Kamera yotcheredwa mbala ikhozanso kulemba amene wapita kumsonkhano, kuchionetsero, kapena kumapemphero.

Mwamwayi sitili opanda chitetezo. Ndime 21 ya Malamulo Aakulu a dziko lino imapatsa munthu aliyense ufulu wosunga chinsinsi chake. M'chaka cha 2024 kunabweranso lamulo loteteza mbiri ya munthu, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo wolilondoloza. Ku Britain, khoti la apilo linagamula m'chaka cha 2020 kuti apolisi a ku South Wales anaphwanya lamulo, popeza panalibe malire omveka onena amene angaikidwe pamndandanda wa ofunidwa ndi malo otchera kamera. Phunziro lake nlakuti lamulo lizitsogola, makina azitsatira.

Nanga pabanja tichite chiyani? Chitupa cha unzika tisabwereke munthu, kaya wavenda wofuna kugulira feteleza wotsika mtengo, kaya mnansi wofuna kulembetsa nambala ya foni, pakuti mlandu ukabuka udzagogoda pakhomo pathu. Zithunzi za ana ndi amayi tisamangozimwaza pa Facebook ndi WhatsApp. Wofuna kutijambula timufunse mwaulemu kuti chithunzicho chikupita kuti. Aphungu ndi makhansala akabwera kumudzi, tiwafunsenso za nkhaniyi.

Paja akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tionanenso m'kope lotsatira.