Maso a ana pakati pa magemu ndi dzuwa

Ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi, shopu ya magemu siisowa. Kamakhala kachipinda kamodzi, ma TV awiri kapena atatu, PlayStation, benchi, ndi chinsalu chochindikala pazenera kuti kuwala kwa panja kusasokoneze chithunzi. Loweruka masana anyamata amadzazamo kudikirira mpira wa FIFA, ndipo lamulo lake aliyense amalidziwa: wagonja adzuke, wapambana atsale. Choncho katswiri wa pamalopo, amene anzake amamuopa, ndiye amakhalitsa pabenchi atatong'ola maso, n'kutuluka madzulo maso ali psuu, akuwatikita ndi kuseri kwa dzanja.

Makolo akaona zimenezi amangoti kuwala kwa TV kwamuwotcha mwana maso. Madokotala a maso amafotokoza mwina. Munthu amaphethira pafupifupi ka 15 pa mphindi imodzi, ndipo kuphethira kulikonse kumapaka timisozi pamwamba pa diso kuti lisaume. Bungwe la American Academy of Ophthalmology limati munthu akakhazikika pa kompyuta kapena pa foni, kuphethirako kumatsika mpaka ka 5 kapena ka 7. Nanga wosewera angaphethire bwanji mdani ali m'bokosi, chigoli chikununkhira? Diso limauma, limafiira, limanyerenyesa ngati mwalowa mchenga. Nato timinofu ta m'kati mwa diso, tomwe timakungika munthu akamayang'ana pafupi, timatopa chifukwa chosapuma. Ndiye mutu umayamba kuwawa, ndipo wosewerayo akatuluka panja, zinthu zakutali amayamba waziona mwachimbuuzi.

Kutopa kumeneku kumatha, ndipo kupewa kwake sikulira ndalama. Dokotala wa maso wa ku California, Jeffrey Anshel, ndi amene anatchukitsa malangizo a 20-20-20: pakatha mphindi 20 zilizonse, munthu ayang'ane chinthu chimene chili pa mtunda wa mafiti 20, omwe ndi mamita pafupifupi 6, kwa masekondi 20. Wosewera mpira safunika n'komwe wotchi, pakuti gemu imodzi kawirikawiri siipitirira mphindi 20. Ikatha, aimirire pakhomo, ayang'ane tsidya la msewu, aphethire kangapo. Kompyuta izikhala kutali ngati kutalika kwa mkono, m'munsi pang'ono mwa maso. M'chipinda muziwala. Chizolowezi chosewera Free Fire kapena PUBG pa foni magetsi atazima, atafunda bulangete, foni ili pamphuno, n'chimene chimatopetsa maso kwambiri, n'kulandanso tulo.

Pali malonda amene akuyenda bwino chifukwa cha mantha a makolo: magalasi omwe amati amatchinga kuwala kwa buluu kochokera m'mafoni ndi m'makompyuta. Mu 2023 bungwe la Cochrane linaunika kafukufuku 17 wokhudza magalasiwa ndipo silinapeze umboni woti amachepetsa kutopa kwa maso kuposa magalasi wamba. Nalo bungwe la madokotala a ku America lija siliwalimbikitsa. Kholo limene lili ndi ndalama ya magalasi oterewa lingachite bwino kuigwiritsa ntchito pokamuyezetsa mwana maso.

Chimene chiyenera kudetsa nkhawa ndi vuto losaona patali, chifukwa limenelo likabwera silichoka. Diso la mwana limakhala likukula. Likatalika mopitirira muyezo kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, chithunzi cha zinthu zakutali sichigweranso pamalo pake, ndipo bolodi m'kalasi imasanduka utsi. Magalasi amathandiza mwanayo kuona, koma salifupikitsa disolo. Likatalika kwambiri, munthu akakula amakhala pa chiopsezo cha matenda ena aakulu a maso, ena ochititsa khungu. Akatswiri amaloza zinthu zitatu: chibadwa cha kumtundu, kuyang'ana pafupi nthawi yaitali, ndi kusowa kuwala kwa panja. Mu 2016 ofufuza a ku Brien Holden Vision Institute ku Australia ananeneratu kuti pofika 2050 theka la anthu a pa dziko lonse, pafupifupi 5 biliyoni, lidzakhala ndi vutoli. M'mizinda ina ya kum'mawa kwa Asia zafika kale poipa: achinyamata 80 mpaka 90 pa 100 alionse amamaliza sekondale ali nalo.

Mayiko a kumeneko ayesa njira zosiyana. Dziko la China mu Ogasiti 2021 linalamula kuti ana osakwana zaka 18 azisewera magemu a pa intaneti ola limodzi lokha, kuyambira 8 mpaka 9 koloko usiku, Lachisanu, Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi. Ndi lamulo lolemera, ndipo mwana wochenjera amangobwereka akaunti ya wamkulu. Dziko la Taiwan linatsata njira ina. Mu 2010 linayamba kulimbikitsa masukulu kuti ana azikhala panja mphindi 120 tsiku lililonse, ndipo chiwerengero cha ana a pulayimale osaona bwino, chomwe chinakhala chikukwera zaka zambiri, chinayamba kutsika. Ku Guangzhou, ku China, kafukufuku amene anatuluka mu 2015 anawonjezera mphindi 40 zokhala panja pa tsiku la sukulu. Patatha zaka zitatu, ana pafupifupi 30 pa 100 anali atayamba kusaona patali, pamene m'masukulu omwe sanasinthe kalikonse anali pafupifupi 40 pa 100. Njira ya Taiwan ndiyo yanzeru, chifukwa siilimbana ndi mwana pa chinthu chimene amachikonda. Imangomutulutsa panja.

Kuno dzuwa silisowa, ndipo ana ambiri akadali pabwalo ndi mpira wachikulunga, fulaye ndi phada. Koma mwana wa m'tauni tsiku lake likusintha mwakachetechete. M'mawa ali m'kalasi, masana ali ku patitaimu, madzulo ali pa foni ya mayi ake, Loweruka ali kuseri kwa chinsalu chija. Makolo ena amakondwa nazo, ati bola ali m'nyumba, sakuyendayenda. Mtendere umenewo amaulipira ndi maso a mwana.

Zizindikiro sizivuta kuona. Mwana amasendeza mpando kufupi ndi TV, amatsinzina pang'ono poyang'ana kutali, amakopera notsi kwa mnzake m'malo mwa pa bolodi, ndipo nthawi zina amatchedwa waulesi pamene vuto ndi maso. Wotereyu apite naye kukayezetsa. Ku Blantyre kuli chipatala cha maso cha Lions Sight First pa Queen Elizabeth, ku Lilongwe kuli Kamuzu Central, ku Nkhoma nakonso amaona maso, ndipo Mzuzu University imaphunzitsa akatswiri oyeza maso ndi kulemba magalasi. Diso lofiira asalithire madzi a zitsamba, mkaka wa m'mawere kapena mankhwala odonthezera ogula popanda dokotala, pakuti ena mwa mankhwalawa amakweza mphamvu ya madzi a m'diso n'kuliwononga pang'onopang'ono.

Eni mashopu a magemu ayatse nyale m'zipindamo, asendeze mabenchi kumbuyo, ndipo wopambana naye azidzuka akasewera magemu awiri. Makolo asalande foni mwaukali, koma aonetsetse kuti mwana wakhala panja maola awiri tsiku lililonse asanaigwire.