Mwana ali pamsewu, inu mukufunsa za mayi wake

Tiyeni tileke kunamizana. Mwambi woti mwana wa mnzako ngwako yemwe timaukumbukira pa ukwati, pa maliro ndi pa wailesi, koma tikafika pa depoti ya Lilongwe kapena mumsika wa Limbe umathera pakamwa. Kamwana ka zaka zitatu kakuyenda kokha m'mphepete mwa tala, phazi lina lili ndi patapata lina lilibe, m'manja muli chitumbuwa cholumidwa pang'ono, maso ali pa galu amene ali tsidya lina. Njinga za kabaza zikudutsa mochita kukhudza zovala. Minibasi ikubwerera m'mbuyo, kondakitala maso ali pa okwera. Akuluakulu ambirimbiri akukaona kamwanako. Wina akuti, "Kodi mayi wake ali kuti?" Mnzake akuyankha, "Azimayi a masiku ano!" Atatero onse akupitiriza ulendo mitima ili mbee, poganiza kuti kufunsa funsolo ndiye kuthandiza.

Ndinene mosapsatira: wamkulu amene waona mwana wotere n'kupitirira ali ndi gawo lake pa chilichonse chimene chingamugwere mwanayo. Mwina khoti silingamuzenge mlandu, koma gawolo alinalo.

Mwana wa msinkhu umenewo sadziwa kuyeza liwiro la galimoto. Ndi wamfupi moti dalaivala wobwerera m'mbuyo samuona pa galasi. Chiwaya cha tchipisi, chodzaza mafuta owira, chimakhala molingana ndi nkhope yake. Nyengo ya mvula ngalande za m'tauni zimadzaza mwadzidzidzi, ndipo amene anawolokapo mtsinje wa Lilongwe pa milatho yamitengo ya kwa Tsoka akudziwa mipata imene ili pakati pa matabwa aja. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti ana a chaka chimodzi mpaka zaka zinayi ali m'gulu limene limamira m'madzi kwambiri, ndipo mwana womira sakuwa, amangolowa zii. Nthawi imene mukutha pofunsana za mayi wake ndi yokwanira kuti zonse zichitike.

Ena amati dziko lathu n'la umunthu, wina amupulumutsa ndithu. "Wina" ameneyo ndiye wapha ana ambiri. Pa 12 February 1993, mwana wa zaka ziwiri, James Bulger, anasochera kwa kanthawi kochepa mayi ake akugula nyama m'sitolo ku Bootle, pafupi ndi Liverpool. Anyamata awiri a zaka 10 anamugwira dzanja, n'kuyenda naye mtunda wa makilomita pafupifupi 4 asanamuphe pafupi ndi njanji. Anthu 38 anawaona panjira, mwanayo akulira, ali ndi chotupa pamphumi. Ochepa anafunsa, koma atauzidwa kuti ndi mng'ono wawo kapena kuti akupita naye kupolisi, anakhutira. Mu October 2011, mumzinda wa Foshan ku China, kamtsikana ka zaka ziwiri, Wang Yue, kanagundidwa ndi galimoto ziwiri mumsika. Kamera inaonetsa anthu 18 akudutsa pambali pake kali gone m'magazi. Amene anakanyamula ndi mayi wotola zinyalala, koma patapita masiku kanamwalira. Anthu 38 aja ndi 18 aja sanali zilombo. Anali anthu onga ife, othamangira kuntchito, oopa kulowerera za eni, okhulupirira kuti wina achitapo kanthu.

Tsopano tikambe za mantha, chifukwa mantha alipo ndipo si opusa. "Ndikamugwira andiyesa wakuba ana." Amene amanena mawuwa akudziwa dziko limene akukhalamo. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu olusa, mpaka bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena a m'chigawo cha kumwera. Kuyambira cha mu 2014, ana achialubino akhala akubedwa ndi kuphedwa, ndipo makolo ali ndi chifukwa chokayikira mlendo aliyense woyandikira mwana. Pano munthu mmodzi akangofuula kuti "Wakuba!", miyala imafika mafunso asanafike. Mwamuna wovala bwino, wachilendo pamalopo, wanyamula mwana wolira: nanenso ndingaope kukhala iyeyo.

Koma manthawo akutiphunzitsa kathandizidwe koyenera, sakutipatsa chilolezo chothawa. Wakuba mwana amachita mwakachetechete ndipo amachoka naye pamalopo. Wothandiza achite zosiyana ndi zimenezo. Imani pakati pa mwanayo ndi msewu. Musamunyamule pokhapokha ngozi yafika kale, musamupatse switi, musamukweze galimoto ngakhale mukuti mukupita naye kupolisi. Kwezani mawu anthu onse amve: "Mwana uyu ndi wa ndani?" Itanani amayi ogulitsa tomato pafupipo: "Amayi, tabwerani tithandizane, mwanayu ali yekha." Mukakhala awiri kapena atatu palibe angakunamizireni, ndipo kawirikawiri amayi a pamsika amadziwa mwana aliyense ndi benchi la mayi wake. Njutani kuti mulingane naye, mumufunse dzina modekha. Pakapita nthawi mwini wake osaoneka, wapampando wa msika alipo, mlonda wa sitolo alipo, kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo nambala ya 116 yothandiza ana ndi yaulere. Mukaona wina akukoka mwana wolira, funsani, ndipo yankho loyamba lisakukwanireni msanga. Mufunseni mwanayo kuti ameneyu ndi ndani.

Pali gulu lina limene limandinyansa kuposa ongodutsa: otulutsa foni. Mwana ali pangozi, iwo akujambula, ndipo madzulo chithunzi chili pa Facebook ndi pa magulu a WhatsApp, pansi pake mawu akuti "Taonani makolo osasamala." Manja amene agwira foniwo akanatha kugwira mwanayo. Asankha kuonetsa nkhope ya mwana wa eni kwa anthu masauzande kuti iwo atamandidwe. Chithunzi chofalitsidwa pofuna kupeza makolo a mwana wosochera, mogwirizana ndi apolisi, n'china. Chofalitsidwa pofuna kuchititsa manyazi ndi nkhanza chabe.

Nanga mayi uja tikumuweruzayu ndi ndani? Nthawi zambiri ali pamtunda wa mapazi ochepa, wina kumsana, beseni la masamba patsogolo, akuwerengera kasitomala chenje. Wadzuka m'bandakucha kukapikula katundu. Ndalama ya nazale alibe, wantchito alibe, agogo ali kumudzi. Akasiya mwana kunyumba, amusiyira mlongo wake wa zaka zisanu ndi ziwiri, amene nayenso ndi mwana. Wangotembenuka kamphindi, monga anachitira mayi ake a James Bulger, monga kholo lililonse linachitirapo, kuphatikizapo inu amene mukugwedeza mutu. Ndipo tamverani funso lathu lija: nthawi zonse ndi "mayi wake ali kuti?" Bambo wake safunsidwa, ngakhale atakhala pa bawo kuseri kwa msika womwewo. Mukam'bweretsa mwana kwa mayi wake, mawu ochepa akwana: "Mayi, mwana wanu anafika kumsewu." Ulaliki sungani. Mtima wake wagunda kale koposa mmene mawu anu angaugundire.

Sindikuti makolo onse ndi osalakwa. Alipo amene amasiya kamwana pakhomo la bala mpaka usiku, alipo otsekera mwana m'galimoto padzuwa la mwezi wa October iwo ali pamzere kubanki, mkatimo mukutentha koposa kunja. Zoterezo zikamachitika mobwerezabwereza, si nkhani yonong'onezana. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limaika udindo wosamalira mwana pa kholo, ndipo ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ili m'boma lililonse. Kukanena kumeneko si ufiti.

Kwa makolo nawonso ndili ndi mawu. Munthu akakubweretserani mwana kuchokera pamsewu, inu n'kumuyankha kuti "Mwanayu ndi wanu? Zikukukhudzani bwanji?", mwaphunzitsa onse amene amva kuti mawa adzangoyang'ana. Manyazi anu asasanduke mwano. "Zikomo" salipiritsa.

Chinanso chimene sitifuna kuvomera: timasankha ana owathandiza. Kamwana kosamba, kovala nsapato zowala, kakalira mu shopu yaikulu ku Chichiri, anthu amathamangirana. Kamwana ka msinkhu womwewo, kotuwa, kopempha pa maloboti kapena kotsogolera agogo osaona pakati pa galimoto, timakakwezera galasi. Tinagwirizana mwakachetechete kuti ameneyo ndi "wa mumsewu", ndiye kuti galimoto singamupweteke. Malamulo aakulu a dziko lino, chisinthireni mu 2017, amati aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana. Sanatchulepo za sopo.

Ndipo makhonsolo asabisale kumbuyo kwa ife odutsa. Lamulo la 2010 lija limawapatsanso udindo woteteza ana a m'dera lawo. Wodula ziphaso saphonya benchi ndi limodzi lomwe; m'mawa uliwonse amafika kwa mayi wa tomato uja, amaona kamwana kakukwawa pafupi ndi mbaula, amalandira ndalama n'kupita. M'midzi anthu amamanga okha sukulu za mmera mpoyamba ndi njerwa zoumba okha, azimayi odzipereka n'kumaphikira ana phala. Chikuletsa n'chiyani kuti msika waukulu wa mumzinda, wotolera ndalama tsiku ndi tsiku, ukhale ndi chipinda chimodzi chokhala ndi mpanda, mphasa ndi olera ana awiri? Makhansala ndi mameya atiuze kuti ndalama za ziphasozo zikugula chiyani chofunika kuposa chimenecho.