Mbalame za Kudambo Ndi Antchito Athu

Mwezi wa November ukafika, madzi amatsala m'madambo ndi m'maiwe a mitsinje ya Lirangwe ndi Lunzu. Kumeneko ndiko ife a kwa Kuntaja timathirira nazale za fodya ndi kumwetsa ng'ombe, ndiponso ndiko mbalame zimasonkhana. Tikupempha mlimi aliyense kuti popita kukathirira m'mamawa aime pang'ono naziyang'anitsitse, pakuti zambiri mwa izo ndi antchito ake osalira malipiro.

Taonani kakowa. Amatsata ng'ombe natola ziwala zodzidzimuka m'udzu. Anamzeze ena a nyengo ino achokera ku Ulaya, ndipo tsiku lonse amagwira tizilombo touluka. Mvula yoyamba ikagwa amafikanso adokowe akuda a mimba yoyera, ochokera kumpoto kwa Afrika, amene chakudya chao ndi dzombe, ziwala ndi ntchemberezandonda. Mu 2017 mbozi zachilendo zochokera ku America zinaononga chimanga kufikira Boma linalengeza za tsoka m'maboma 20. Mbalame sizingamalize mbozi zobisala m'kati mwa phesi, koma mlimi amene anaona chaka chimenecho sangataye mthandizi ngakhale mmodzi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri akuzipirikitsa. Amatentha bango ndi udzu wa m'dambo posaka mbewa, mbalame n'kusowa pomanga zisa. Amatsukira m'dziwe zopopera mankhwala a fodya, achule ndi nsomba n'kufa, nantchengwa n'kusamuka ndi njala. Madzi omwewo ndiwo akumwa ng'ombe zathu, ndiwonso akusamba ana athu.

Ena adzati, nanga mpheta zimene zitidyera mapira? Zoonadi zimaononga. Koma mpheta timaziingitsa pamunda, ndipo mlandu wao sitingauike pa kakowa amene sadya mbewu ya munthu.

Ku nyanja ya Chilwa osaka mbalame anapanga magulu ao, nagwirizana za nyengo yoleka kusaka kuti mbalame ziswane. Ifenso tikhoza kutero. Mafumu ndi nyakwawa aletse moto m'madambo. Zopopera tizitsukira kumtunda, madzi ake tithire m'dzenje ndi kukwirira. Polima dimba tisiye bango m'mbali mwa mtsinje. Makolo alande malegeni, ndipo m'malo mwake aphunzitse ana maina a mbalame ndi ntchito zake. Tiyambe chaka chino, mvula isanagwe.