SABATA INO M'MBIRI: Masiku Awiri a November pa Mseu wa Mosi-oa-Tunya

Sabata ino kalendala yatifikitsa pa masiku awiri otalikirana zaka 110, koma nkhani zake zikumana pa mseu umodzi. Masikuwo ndi 16 November 1855 ndi 11 November 1965. Mseuwo ndi Mosi-oa-Tunya, umene udutsa pakati pa mzinda wa Livingstone ndi kutsetsereka makilomita pafupifupi 10 kufikira ku mathithi a mtsinje wa Zambezi ndi ku ulalo wolowera m'dziko la Zimbabwe.

Tiyambe ndi tsiku lakalelo. Ana a sukulu ambiri analoweza pamtima kuti pa 16 November 1855 David Livingstone anatulukira mathithi a Victoria. Liu lakuti anatulukira ndilo lifunika kuliyang'anitsitsa. Livingstone anali atamva kale za mathithiwo kwa Makololo m'caka ca 1851. Pamene anapita kukawaona, Mfumu Sekeletu ya Makololo inamperekeza ndi gulu lalikuru la anthu ake, ndipo eni dziko odziwa mafunde ndiwo anampalasira bwato kufikira pa kacisumbu ka m'mphepete mwenimweni mwa phompho, kamene lero kachedwa Livingstone Island. Kodi mlendo amene mwamgwira dzanja ndi kumuonetsa citsime ca m'mudzi mwanu anganene kuti watulukira madzi? Coona cake ndi cakuti iye anali Mzungu woyamba kulemba za malowo ndi kuwachukitsa ku Ulaya. Imeneyo si nchito yocepa, koma ndi nchito ina.

Ndiponso mathithiwo sanali osowa dzina. Makololo anawacha Mosi-oa-Tunya, kutanthauza utsi umene ugunda, cifukwa madzi akagwa pa phompho lakuya mamita 108 ndi lotambalala mamita 1,708, nthunzi yake ioneka kutali ngati moto wa lupsa. Atonga amati Shungu Namutitima, ndipo Aleya a Mfumu Mukuni anali kukhala pafupi pomwepo Makololo asanabwere. Livingstone anaonjezapo dzina la Victoria, mfumukazi ya ku England imene sinapondepo pa malowo.

Inu a kum'mawa mungayese kuti nkhani iyi ndi ya anthu a kumwera okha. Iai. Pocoka pa mathithiwo, Livingstone analowera kwathu kuno ndi amuna 114 amene Sekeletu anampatsa. Mu January 1856 anafika pamene Luangwa athira mu Zambezi, ku Feira ndi ku Zumbo. Mu March anali ku Tete, ndipo mu May anafika ku nyanja yamcere pa Quelimane. Anthu ajawo anawasiya ku Tete nawalonjeza kuti adzabwera kudzawatenga. Anabweradi mu 1858, koma ulendo wowabweza kwao unacitika mu 1860. Pa ulendo umenewo anatenganso Makololo ena, ndipo awa ndiwo anakhazikika m'cigwa ca Shire m'Malawi, nakwatira pakati pa Amang'anja, nasanduka mafumu. Maina onga Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima, amene amveka ku Chikwawa kufikira lero, mizu yake ili ku Zambezi wa kumtunda.

Mzinda weniweniwo unadza patapita zaka 50. Azungu oyamba anamanga pa dooko la Old Drift m'mbali mwa mtsinje, koma malungo anawapulula. Njanji itafika, anasamukira pa mtunda wamcenga pamene pali tauni lero. Ulalo, umene utalika mamita 198 ndi kulenjekeka mamita 128 pamwamba pa madzi, unatsegulidwa pa 12 September 1905 ndi Profesa George Darwin. Cecil Rhodes amene anaulakalaka anali atamwalira mu 1902. Maina a mainjiniya analembedwa bwino; a anthu akuda mazana amene anasenza zitsulo pa phompho lija simudzawapeza m'buku la sukulu. Livingstone anakhala likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 kufikira 1935, pamene boma linasamukira ku Lusaka. Masiku amenewo mseu waukuru unali kuchedwa Mainway, ndipo dzina la Mosi-oa-Tunya unalilandira titalandira ufulu. Pa mseu womwewo pali Livingstone Museum, nyumba yosungiramo zakale imene inayamba mu 1934, m'mene muli makalata ndi katundu wina wa Livingstone.

Tsono tibwere ku tsiku laciwiri. Pa 11 November 1965 Ian Smith analengeza kuti Azungu a ku Rhodesia adzilamulira okha popanda cilolezo ca Britain. Dziko la Zambia linali ndi caka cimodzi ndi masiku 18 okha. Mkuwa wathu unali kutulukira kumwera, malasha a ku Wankie oyendetsera migodi anali kulowera pa ulalo womwe uja, mafuta a galimoto naonso anali kudzera ku Rhodesia. Mwezi wotsatirawo mafuta anadulidwa. Petulo anayamba kugulidwa mwa muyeso, ndipo madalaivala anali kukatenga migolo ya mafuta ku Dar es Salaam pa mseu woipa wa kumpoto, ambiri nataya miyoyo yao m'njira. Paipi ya mafuta ya TAZAMA inatha kumangidwa mu 1968.

Pa 9 January 1973 Smith anatseka malire. Patapita milungu yocepa anati atsegulanso, koma a Kenneth Kaunda anakana, nati Zambia adzafuna njira zina. Njira yaikuru inali njanji ya TAZARA ya makilomita 1,860, imene sitima zinayamba kuyendapo mu 1975. Mzinda wa Livingstone ndiwo unamva kuwawa koposa: alendo anacepa, malonda anazilala, ndipo abale okhala tsidya ili ndi tsidya lija anali kungoona nthunzi imodzi osatha kuyenderana.

Alimi akuluakulu adzakumbukira cimene cinacitika pambuyo pake. Mu October 1978 mvula inali pafupi, koma feteleza anali asanafike m'dziko cifukwa njira ya kumpoto inathinana ndi katundu. A Kaunda analamula kuti sitima za katundu ziyambenso kuyenda pa ulalo wa kumwera. Ena anawanyoza kuti agonja. Ife tiona kuti mtsogoleri amene asankha kunyozedwa m'malo moti cimanga ca anthu ake cifote m'munda sanalakwe. Ulalo unatsegukira anthu onse mu 1980, caka cimene Zimbabwe analandira ufulu pa 18 April.

Mu 1989 bungwe la UNESCO linaika mathithiwo pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse lapansi, ndipo linalemba maina onse awiri, la Mosi-oa-Tunya patsogolo, la Victoria pambuyo.

Sabata ya mawa tidzapita ku Mbala, kumene asilikari a Germany anatula zida pa 25 November 1918, nkhondo itatha kale ku Ulaya milungu iwiri m'mbuyo mwake.