Chijeremani cha masiku 30 kulibe

Pa WhatsApp ndi pa Facebook pakuyenda uthenga wakuti munthu angathe kuphunzira Chijeremani payekha m'masiku 30, mphindi 30 zokha patsiku, n'kukhoza mayeso okagwirira ntchito ku Germany. Ena akuchita kuthira mchere, ati ukagona ndi mahedifoni m'makutu mawu amalowa okha m'mutu. Iwe ungotumiza ndalama pa foni, iwo akutumizira mabuku. Limeneli ndi bodza, ndipo chikutiwawa n'chakuti amene akulimeza ndi anthu opita kusukulu: anamwino, aphunzitsi, achinyamata a madigiri awo.

Tiyeni tiwerengetsere. Mphindi 30 kwa masiku 30 ndi maola 15. Boma la America lili ndi sukulu yophunzitsa akazembe ake ziyankhulo, Foreign Service Institute. Kumeneko wophunzira sakhala ndi ntchito ina. Amakhala m'kalasi pafupifupi maola 25 pa sabata, mphunzitsi ali pomwepo, akaweruka n'kukapitiriza kunyumba. Sukuluyi inawerengetserapo kuti munthu amene Chingerezi anachita kuyamwira amafunika masabata 36, maola pafupifupi 900 a m'kalasi, kuti Chijeremani afike pogwirira ntchito. Chifalansa ndi Chipwitikizi ndi maola 600 mpaka 750. Chitchaina ndi Chiarabu ndi 2,200. Nanga maola 15 apindula chiyani? Wowerenga ola limodzi tsiku lililonse, osaphonya ngakhale pa maliro, maola 900 amutengera pafupifupi zaka ziwiri ndi theka. Wopirira maola atatu patsiku, miyezi 10.

Umboni wina tili nawo m'nyumba zathu momwemu. Chingerezi timachiphunzira zaka 8 ku pulayimale ndi zaka 4 ku sekondale, timachimva pa wailesi, timachiona pa zikwangwani, komabe chaka ndi chaka ana athu ena amamanidwa satifiketi ya MSCE chifukwa cha Chingerezi chomwecho. Ndiye chiyankhulo chimene sitinachimvepo pamsika chilowe m'mwezi umodzi?

Zophunzira uli m'tulo zisatitayitse nthawi. Mu 1956 akatswiri awiri, Charles Simon ndi William Emmons, anayeza ubongo wa anthu ogona n'kupeza kuti zimene ankakumbukira ndi zimene anamva asanagonetse.

Ena amati, nanga abale athu a ku Johannesburg samatola Chizulu m'miyezi yochepa? Amatoladi. Koma Chizulu ndi chibale cha Chichewa: madzi ndi amanzi, munthu ndi umuntu, nyama ndi inyama. Ndipo amachimva kuyambira m'bandakucha pokwera minibasi mpaka usiku, kwa landilodi, kwa bwana, kwa wogulitsa ndiwo. Maola aja amakwana osawerenga. Chijeremani sichipereka mwayi wotere kwa munthu amene ali ku Kasungu ndi foni yake. Dzina lililonse limayenda ndi der, die kapena das, ndipo der yemweyo amasanduka den, dem kapena des malinga ndi malo ake m'chiganizo. Zimenezi zimakhazikika pozilakwitsa kambirimbiri, wina n'kumakukonza.

Namwino wina anatipeza atanyamula kope lodzaza mawu: masiku a sabata, mitundu, ziwalo za thupi, zolembedwa mwaukhondo ndi bolopeni yofiira ndi yabuluu. Anali atakongola ku banki m'khonde kuti alipire maphunziro a masiku 30 aja, kalata yosiya ntchito ili kale m'chikwama. Atatsegula mayeso oyeserera omvetsera, anatolapo moni basi, zina zonse zinangomudutsa. Khama anali nalo lokwanira. Anangonamizidwa za kutalika kwa ulendo.

Apa ndi pamene tikufuna owerenga aimirire. Luso la chiyankhulo ku Europe amaliyeza m'magawo 6, kuyambira A1 mpaka C2, ndipo namwino wochokera kunja kawirikawiri amafunika B2 kuti aloledwe kugwira ntchito yake ku Germany. Mayeso ake ndi kuwerenga, kumvetsera, kulemba ndi kuyankhula pamaso pa oyesa. Sanaike zimenezi kuti atizunze. M'Chijeremani manambala amawatchula chobwerera: 25 ndi fünfundzwanzig, kuyamba ndi 5 kenako 20, pomwe 52 ndi zweiundfünfzig. Ganizirani namwino wa usiku, dokotala akumuuza pa foni mothamanga mlingo wa mankhwala, iye n'kulemba 52 pamene anenedwa ndi 25. Amene wagona pabediyo ndi mayi a munthu.

Ndipo wolephera mayeso ndi amene madobadoba amamudikirira. Amuuza kuti satifiketi timupangira, pasipoti abwere nayo, asayine apa. Munthu amasayina pangano limene sangathe kuwerenga ngakhale mzere umodzi, osadziwa malipiro ake, maola ogwira ntchito, kapena ngongole imene wavomera. Satifiketi yachinyengo ikagwidwa ku ofesi ya kazembe, amene amamanidwa viza ndi iye, dobadoba uja foni atazimitsa kalekale.

Sitikuti kuphunzira pawekha n'kosatheka. Alipo amene afika patali osalowa m'kalasi, ndipo zipangizo zabwino zina n'zaulere. Wailesi ya Deutsche Welle ili ndi maphunziro a Nicos Weg pa intaneti, kuyambira A1 mpaka B1, osalipira kalikonse kupatula bandulo. Lembani m'kope maola amene mwaphunziradi, osati masiku amene apita. Pezani mnzanu woyankhula naye mokweza, ndiponso wina wodziwa kuposa inu woti azikukonzani. Goethe-Institut imaika mayeso oyeserera pa intaneti kwaulere. Tcherani wotchi, lembani magawo onse anayi popanda kusuzumira mu dikishonale. Gawo lomvetsera likakukanikani, ndalama ya mayeso isatuluke m'thumba, ndipo kalata yosiya ntchito ija ibakhala m'chikwama.